Thiransifoma imayamba yadwala isanapse

Pamisika ya m'boma la Salima, kaya ndi pa Kamuzu Road, ku Senga Bay, ku Chipoka kapena pa Khombedza, pali chitsulo china chomwe anthu amachidutsa tsiku ndi tsiku osachiyang'ana n'komwe. Chimakhala pamwamba pa mapolo awiri, chikung'ung'uza usana ndi usiku. Ambiri timachikumbukira tsiku lomwe chaphulika basi.

Tsiku limenelo chigayo chimaima, ndipo amayi amasenza chimanga kukasaka chigayo cha dizilo kapena kubwerera kumtondo. Wogulitsa chambo chachiwisi amangoyang'ana nsomba zikufewa m'firiji. Wowotcherera zitsulo, wometa, wotchaja mafoni ndi woonetsa mpira onse amatseka zitseko, chonsecho mwini nyumba akudikira lendi yake pakutha pa mwezi. Magetsi akathima kaamba kogawana, anthu amadziwa kuti abweranso madzulo kapena mawa. Koma thiransifoma ikapsa, mdima utha kukhala masabata ngakhale miyezi, kudikira kuti ina ipezeke.

Zotere zikachitika timati ndi ngozi, ena amati ndi tsoka la mudzi. Komatu amisiri a zamagetsi amaziona mosiyana. Kupatula pomwe yawombedwa ndi mphenzi kapena yaphwasulidwa ndi mbava, thiransifoma siifa tsiku lomwe yayamba kudwala. Imafooka pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka, ikuonetsa zizindikiro, ndipo zizindikiro zambiri zitha kupimidwa ili pantchito, popanda kuthimitsira anthu magetsi. Nkhani yagona pakuti kodi alipo akuzipima, nanga akapeza vuto akuchitapo kanthu msanga?

Ulendo wa magetsi kufika kunyanja

Magetsi ambiri omwe timagwiritsa ntchito m'dziko muno amapangidwa pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Makina oyamba a ku Nkula adayamba kugwira ntchito mu 1966. Kuyambira mu 2017 ntchito yopanga magetsiwa ili m'manja mwa kampani ya EGENCO, pomwe ESCOM idatsala ndi ntchito yowanyamula ndi kuwagawa kwa anthu.

Kuti magetsi ayende mtunda wautali osatayika kwambiri m'njira, amayenera kukwezedwa mphamvu pochoka, kenako n'kutsitsidwa akafika komwe akupita. Ntchito yokweza ndi kutsitsayi ndiyo ya thiransifoma. Panjira magetsi amayenda pa mawaya akuluakulu a mavoliti 132,000 kapena 66,000, ndipo kuyambira mu 2018 kuli mawaya a mavoliti 400,000 ochoka ku Phombeya m'boma la Balaka kukafika ku Nkhoma m'boma la Lilongwe, omwe adamangidwa ndi thandizo la dziko la America.

Ku Salima magetsiwa amafikira pa sabusiteshoni ya Nanjoka. Pamenepo amatsitsidwa, n'kuyamba ulendo wopita kumisika ndi kumidzi pa mawaya a mavoliti 33,000. Pomaliza thiransifoma yaing'ono ya pamapolo ija imawatsitsanso kufika pa mavoliti 400 oyendetsera chigayo ndi 230 a m'nyumba. Choncho babu la m'nyumba mwanu ku Lifuwu limayaka chifukwa mathiransifoma angapo, kuyambira ku Shire mpaka pakhomo panu, onse ali bwino. Imodzi ikafooka, unyolo wonse waduka.

Nanjoka si ya anthu a ku Salima okha. Mawaya a m'mbali mwa nyanja amadutsa pamenepo kupita ku Nkhotakota, Dwangwa mpaka ku Chintheche. Komanso kuyambira mu 2021 pafupi pomwepo pali malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM Power, omwe amatha kutulutsa mamegawati 60. Mathiransifoma a malo ngati amenewa amasenza katundu wochuluka dzuwa likakhala paliwombo, nthawi yomwenso kunja kwatentha kwambiri.

Muli chiyani m'kati mwake?

Kunja mumangoona thanki yachitsulo. M'kati muli chitsulo china chokulungidwa ndi mawaya a kopa, mwina a aluminiyamu, m'magulu awiri: gulu lolandira magetsi ndi gulu lowatulutsa. Kuti mawayawa asagundane, amakutidwa ndi pepala. Pepalalo ndi lochokera kumitengo ngati pepala lina lililonse, kungoti ndi lolimba kwambiri. Zonsezi zimamizidwa m'mafuta apadera, omwe ali ndi ntchito ziwiri: kuziziritsa mawaya ndi kutchinga magetsi kuti asadumphe.

Mafuta akatha mphamvu atha kusefedwa kapena kusinthidwa. Koma pepala likafumbutuka palibe njira yolibwezeretsa, pokhapokha kuphwasula thiransifoma yonse n'kukulunganso mawaya. N'chifukwa chake mainjiniya amati moyo wa thiransifoma ndi moyo wa pepala lake. Yosamalidwa bwino imatha zaka 30 kapena 40 ikugwira ntchito. Yozunzidwa siifika n'komwe theka la zakazi, chonsecho utoto wake wakunja ukadali wowala. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Zomwe zimaidwalitsa

Mdani woyamba ndi kutentha. Muyeso womwe mainjiniya amatsatira m'maiko ambiri umati pamalo otentha kwambiri m'kati mwa mawaya pakakhala madigiri 98, pepala limakalamba mwanthawi yake. Pakangoonjezereka madigiri 6, liwiro la kukalambako limawirikiza kawiri. Pakaonjezereka madigiri 12, tsiku limodzi limadya moyo wa masiku anayi, ndipo pa madigiri 18 limadya wa masiku asanu ndi atatu.

Apa m'pomwe Salima ili pachiopsezo. Mathiransifoma ambiri amapangidwa poganizira malo omwe kutentha kwa chaka chonse, mukakuphatikiza n'kugawa, sikuposa madigiri 20. Kuchigwa cha m'mbali mwa nyanja kumaposa pamenepo, ndipo mu Okutobala ndi Novembala masana kumadutsa madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse. Thiransifoma ya ku Senga Bay imayamba ntchito ya madzulo itatentha kale poyerekeza ndi inzake ya kumapiri a Dedza.

Mdani wachiwiri ndi katundu wopyola muyeso. Magetsi odutsa m'mawaya akawirikiza kawiri, kutentha komwe mawayawo amatulutsa kumawirikiza kanayi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 aliwonse ndi omwe ankaunikira magetsi, ndipo kuyambira pamenepo boma ndi ESCOM akhala akulumikiza nyumba zambiri, kuphatikizapo kudzera m'ndondomeko yopititsa magetsi kumidzi ya MAREP yomwe idayamba mu 1980. Ichi ndi chitukuko chomwe tonse timachilirira. Koma walira mvula walira matope. Thiransifoma yomwe idaikidwa kuti itumikire sukulu, chipatala ndi nyumba zochepa itha kupezeka patapita zaka ikuyendetsa zigayo zitatu, makina owotcherera ndi mafiriji a msika wonse. Olumikiza magetsi mwakuba amaonjezera katundu yemwe salembedwa m'buku lililonse.

Ngakhale katundu asapyole muyeso, kagawidwe kake katha kupha thiransifoma. Magetsi amatuluka m'mawaya atatu omwe amisiri amawatcha mafezi. Ali ngati mafuwa atatu: mphika umakhazikika onse akasenza mofanana. Nyumba zambiri zikakolekedwa pa fezi imodzi, mbali imeneyo imatentha yokha pomwe zinazo zikupuma, ndipo ikapsa thiransifoma yonse yatha.

Kuthimathima kwa magetsi nako kumaivulaza. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023, ndipo kugawana magetsi kudafika poipa. Nthawi ngati imeneyo, magetsi akangobwera aliyense amathamangira kuyatsa zake nthawi imodzi: chigayo, mbaula yamagetsi, simbi, firiji yomwe yafunda. Thiransifoma imalandira katundu yense mwakamodzi, ndipo zikamachitika tsiku ndi tsiku mawaya ake amagwedezeka n'kumasuka.

Mdani wachitatu ndi chinyezi. Mafuta akatentha amafufuma, akazizira amabwerera, choncho mathiransifoma ambiri amapuma mpweya wakunja. M'dzinja mpweya wa kunyanja umakhala wonyowa. Madzi akalowa m'mafuta amakakhazikika m'pepala, n'kulifooketsa, ndipo mafutawo amalephera kutchinga magetsi.

Mphenzi ndi mbava ndi adani obwera modzidzimutsa, komabe nawo amayenda limodzi. Thiransifoma imatetezedwa kumphenzi ndi zipangizo zomwe zimatsitsira mphamvu ya chiphaliwali pansi kudzera pa waya wokwiriridwa m'nthaka. Wakuba akadula waya ameneyo chifukwa cha kopa, magetsi amayakabe ngati palibe chachitika, mpaka tsiku la mvula yoyamba ya mabingu. Chimodzimodzi akakhetsa mafuta usiku magetsi atathima: magetsi akabwerera mawaya amakhala pamtunda, ndipo thiransifoma siikhalitsa. ESCOM yakhala ikudandaula za mchitidwewu kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango za owononga zipangizo za magetsi.

Mafuta obedwawo ndi oopsa kwa aliyense. Si odyedwa, ndipo a m'mathiransifoma ena akalekale amakhala ndi mankhwala otchedwa PCB omwe amatha kuyambitsa khansa. Pangano la ku Stockholm la mu 2001, lomwe Malawi ili nawo, lidalamula kuti mankhwalawa achotsedwe m'zipangizo zamagetsi.

Kuipima ili pantchito

Mayi aliyense amadziwa kuti mwana amapita kusikelo ngakhale asakudwala. Namwino sayang'ana kulemera kwa tsiku limodzi lokha, amayang'ana mzere wa pakhadi, ngati ukukwera kapena ukutsika. Kuyang'anira thiransifoma kumatsata nzeru yomweyo: kupima kawirikawiri, kulemba, n'kuyerekeza ndi zomwe zidalembedwa ulendo wapita.

Njira yoyamba ndi maso a mmisiri. Pathiransifoma yaikulu pamakhala geji yoonetsa kuchuluka kwa mafuta ndi ina yoonetsa kutentha. Pamakhalanso botolo la timikanda tooneka ngati mchere wamiyala, tomwe timayamwa chinyezi cha mpweya wolowa. Timikanda ta buluu tikasanduka pinki ndiye kuti takhuta madzi, tiyenera kusinthidwa. Ndi ntchito ya mphindi zochepa komanso yotsika mtengo, koma ikaiwalika chinyezi chimalowa mwaufulu.

Njira yachiwiri ndi mlonda wa m'kati. Mu 1921 injiniya wa ku Germany, Max Buchholz, adapanga kachipangizo komwe mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. Kamaikidwa papaipi yolumikiza thanki yaikulu ndi kathanki kamafuta kapamwamba. Mpweya ukayamba kupangika m'mafuta pang'onopang'ono, kamaliza belu. Mafuta akathamanga mwadzidzidzi kaamba ka moto wa m'kati, kamathimitsa thiransifoma isanaphulike.

Njira yachitatu, yomwe ndi yodalirika kwambiri pa mathiransifoma akuluakulu, ndi kuyeza mafuta, monga momwe kuchipatala amayezera magazi. Mmisiri amatapa mafuta pang'ono pampopi wa pansi pa thanki, thiransifoma ikugwirabe ntchito, n'kupita nawo kulabotale. Vuto lililonse la m'kati limasiya mpweya wakewake wosungunuka m'mafutamo. Haidulojeni akachuluka, nthawi zambiri ndiye kuti timoto ting'onoting'ono tayamba kuthetheka penapake. Kaboni monokisaidi, mpweya woipa womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba, umasonyeza kuti pepala likupserera. Asetilini, gasi yemwe owotcherera zitsulo amamudziwa bwino, amapangika pokhapokha magetsi akudumpha ndi moto wotentha kwambiri, ndipo akapezeka sipafunika kuzengereza. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa ku Canada, Michel Duval, adakonza njira yoyerekezera mipweyayi kuti mmisiri adziwe mtundu wa vuto asanatsegule thanki, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito. Mafuta omwewo amayezedwanso kuti aone kuchuluka kwa madzi komanso mphamvu yake yotchinga magetsi.

Njira yachinayi ndi kamera yoona kutentha. Mmisiri amaima patali n'kujambula, ndipo pomwe waya wamasuka kapena pachita dzimbiri pamaoneka powala kuposa pena ponse. Njira yachisanu ndi kupima katundu pa fezi iliyonse nthawi yomwe anthu akugwiritsa ntchito magetsi kwambiri, makamaka madzulo. Kupima m'mawa anthu ali kumunda kapena kunyanja kumangonamiza wopimayo.

Masiku ano kulinso zipangizo zomwe zimakhala pathiransifoma nthawi zonse, zikupima kutentha, katundu, kuchuluka kwa mafuta ngakhalenso mipweya, n'kumatumiza uthenga kuofesi kudzera pa netiweki ya foni. Mafuta akayamba kutsika pakati pa usiku, foni ya woyang'anira imalira nthawi yomweyo. Ntchito ya magetsi yomwe dziko la America lidathandiza pakati pa 2013 ndi 2018, ya ndalama zokwana madola 350.7 miliyoni, idaphatikizapo makompyuta othandiza ESCOM kuona ali kutali momwe magetsi akuyendera m'masabusiteshoni akuluakulu.

Phunziro la ku London

Koma kupima pakokha sikuchiza. Chitsanzo chake chidachitika m'dziko lolemera lomwe lili ndi zipangizo zonse tatchulazi.

Usiku wa pa 20 Malichi 2025 thiransifoma ina yaikulu idagwira moto pa sabusiteshoni ya North Hyde mumzinda wa London ku Britain. Nyumba zikwizikwi zidakhala mumdima, ndipo bwalo la ndege la Heathrow, limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri padziko lonse, lidatsekedwa pafupifupi tsiku lonse lotsatira. Maulendo a ndege oposa 1,300 adasokonekera.

Lipoti la kafukufuku lomwe lidatuluka mu Julayi 2025 lidati motowo uyenera kuti udayamba chifukwa cha chinyezi chomwe chidalowa pakhosi pomwe waya wamphamvu amalowera m'thiransifoma. Chodabwitsa n'chakuti mafuta a pamalopo atayezedwa mu Julayi 2018, zotsatira zidaonetsa kuti chinyezi chachuluka. Zotsatirazo zidalembedwa, koma chipangizocho sichidasinthidwe, ndipo ntchito ina yokonza idasunthidwira mtsogolo. Zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri zidadutsa chenjezo lili m'mabuku. Pakadafunda padajiwitsa.

Ngati izi zidatheka ku London, kuno kwathu komwe galimoto, mafuta a galimoto ndi zipangizo zosinthira n'zoperewera, chiopsezo n'chachikulu. Pamafunika munthu wodziwika yemwe ntchito yake ndi kuwerenga zotsatira, komanso wokhala ndi mphamvu zolamula kuti thiransifoma ithimitsidwe maola ochepa lero kuti isathime miyezi mawa.

Mtengo wodikira kuti ipse

Wina atha kunena kuti ikapsa tigula ina. Maganizo amenewa mwina ankamveka kale, koma lero ndi okwera mtengo. Mathiransifoma atsopano timagula kunja ndi ndalama zakunja, zomwe zakhala zikusowa m'dziko muno. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Ndalama yomwe inkagula mathiransifoma awiri isanafike 2022 siingagulenso awiriwo.

Kunjako nako zinthu zasintha. Maiko ambiri akumanga mawaya atsopano a magetsi nthawi imodzi, ndipo mafakitale akulephera kukwaniritsa. Mu 2025 bungwe loona za mphamvu padziko lonse la International Energy Agency lidati wogula thiransifoma yaikulu atha kudikira mpaka zaka zinayi, ndipo mitengo yake idakwera ndi pafupifupi 75 pa 100 iliyonse kuchokera mu 2019. Pamzere wotere dziko laling'ono ngati lathu silikhala kutsogolo.

Mapeto ake wolipira ndi inu ndi ine. Mitengo ya magetsi yomwe bungwe la MERA limavomereza imawerengera ndalama zogulira ndi kukonzera zipangizo. Banja la pamsika limalipira kawiri: koyamba ndi bizinesi yomwe yaima masiku a mdima, kachiwiri pogula mayunitsi.

Boma la Salima lili ndi zambiri zodalira magetsi odalirika. Kuli malo ogona alendo a ku Senga Bay, fakitale ya shuga, minda ndi fakitale ya mango, mpunga wa ku Lifuwu wofunika kupuntha, chipatala chachikulu cha boma, komanso ntchito yopopa madzi kuchoka kunyanja kupita ku Lilongwe, yomwe idzafuna magetsi ambiri. Katundu wa mathiransifoma a kuno akungokulirakulira.

Ang'onoang'ono ndiwo oiwalika

Padziko lonse makampani a magetsi amaika maso awo pa mathiransifoma akuluakulu a m'masabusiteshoni, ndipo mpomveka chifukwa imodzi ikafa boma lonse limakhala mumdima. A pamapolo ndi ambirimbiri, amwazikana m'midzi, ndipo ambiri alibe geji ngakhale imodzi yomwe munthu angawerenge ali pansi. Komatu ndi omwe amakhudza moyo wa banja la pamsika mwachindunji.

Kunena zoona, n'zosatheka kuika zipangizo zamakono pa iliyonse. Zimafuna ndalama zakunja zomwezo, zimafuna netiweki, ndipo nazo zitha kubedwa. Koma pali zinthu zotheka zomwe sizidikira thandizo la maiko akunja.

Choyamba, thiransifoma iliyonse ikhale ndi khadi lake ngati la kusikelo, loonetsa chaka chomwe idaikidwa, mphamvu yake, chiwerengero cha omwe ikuwatumikira ndi zotsatira za kupima kulikonse. Chachiwiri, katundu wa mafezi onse atatu apimidwe madzulo kamodzi pachaka, makamaka mu Ogasiti kapena Sepitembala kutentha kusanafike pachimake, ndipo zipangizo zoteteza kumphenzi ziyenderedwe mvula isanayambe. Chachitatu, chigayo kapena makina aakulu asalumikizidwe popanda kuona kaye ngati thiransifoma ya pamalopo ingakwanitse. Chachinayi, zipangizo zamakono zija ziyambire pomwe pali miyoyo ndi chuma chambiri: pazipatala, pamapampu a madzi ndi pamisika ikuluikulu.

Chachisanu ndi kuuza anthu. ESCOM itamalengeza chaka chilichonse kuti m'boma lakutilakuti mwapsa mathiransifoma angati, angati chifukwa cha mbava, angati chifukwa cha mphenzi ndipo angati chifukwa cha katundu, anthu angadziwe pomwe pagona vuto. Mbava zilipodi ndipo ziyenera kulangidwa, koma si imfa iliyonse ya thiransifoma yomwe ili ndi dzanja la wakuba. MERA, monga woyang'anira, ili ndi mphamvu zofunsa ziwerengero zotere.

Aphungu ndi makhansala nawo ali ndi gawo. Nthawi ya kampeni timamva malonjezo a kubweretsa thiransifoma yatsopano, chifukwa tsiku loiyatsa pamakhala nthungululu ndi magule. Kusamala yomwe ilipo kale kulibe mwambo wotsegulira, n'chifukwa chake sikukopa andale, koma n'komwe kumasunga magetsi pamsika.

Maso ndi makutu a pamsika

Palibe chipangizo chomwe chimakhala pafupi ndi thiransifoma kuposa anthu ogulitsa ndi kukhala pamenepo. Zizindikiro zina aliyense atha kuziona ataima patali. Mafuta akudontha, kapena thanki ndi mapolo zikuoneka zonyowa ndi zakuda. Kung'ung'uza kwa masiku onse kwasintha, kukumveka kuthetheka kapena phokoso lokwera. Pakumveka fungo la chinthu chopserera. Mababu akuchita chizimezime madzulo aliwonse, kapena mbali imodzi ya msika ikuwala pomwe ina ili ndi magetsi ofooka. Injini ya chigayo ikuvutika kudzuka. Fyuzi ikupsa kawirikawiri. Waya wotsika ndi polo kulowa m'nthaka waduka kapena wasowa.

Mukaona chimodzi mwa izi kanenen'ni kuofesi ya ESCOM yapafupi, tchulani malo enieni ndi nambala yomwe yalembedwa papolo ngati ilipo, ndipo lembani tsiku lomwe mwanena. Ndi bwino kuti komiti ya msika kapena mfumu ikhale ndi kope lolembamo zimenezi. Ngati papita nthawi popanda yankho, MERA imalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito magetsi.

Pali zina zosayenera kuchita ngakhale mdima utawawa bwanji. Musakwere polo. Musaitane mmisiri wa m'mudzi kuti aike waya wonenepa m'malo mwa fyuzi, chifukwa fyuzi imapsa dala kuti thiransifoma ipulumuke, ndipo waya wonenepayo amangosamutsira motowo m'kati mwa thanki. Musamange benchi kapena kuotcha zinyalala pansi pake. Ikagwira moto musathire madzi, thawitsani ana ndipo imbirani ESCOM. Anthu obwera usiku kapena nthawi ya mdima n'kumati ndi ogwira ntchito ku ESCOM afunsidwe ziphaso, ndipo mukakayika dziwitsani apolisi.

Eni zigayo ndi owotcherera athanso kuthandiza pogwirizana kuti asadzutse makina onse nthawi imodzi magetsi akangobwera, komanso kupewa maola a madzulo pomwe nyumba zonse zayatsa. Kudikirana mphindi khumi n'kopepuka kusiyana ndi kutseka chigayo mwezi wathunthu.

Nyengo yotentha imabwera chaka chilichonse, ndipo mabingu amatsatira pambuyo pake. Pamsonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya dera lanu, kapena phungu akabwera kudzacheza nanu, pali mafunso awiri oyenera kufunsa: thiransifoma ya pamsika pathu idapimidwa liti komaliza, nanga ikusenza katundu wochuluka bwanji poyerekeza ndi mphamvu yake? Ngati yankho lilipo, lilembedwe m'kope la komiti. Ngati palibe, pemphani kuti amisiri abwere Okutobala asanafike.